Phunziro la pa kalabu: Tikathamanga njala imawawa, tidye chiyani?

Achinyamata anzathu, ambiri a ife tinakula tikumva mawu akuti "kaliwondewonde". Ma ARV aulere asanayambe kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, munthu akangoonda anthu ankayamba kunong'onezana. Mpaka lero kunenepa timakuona ngati umboni wakuti munthu ali bwino. Koma m'makalabu mwathu muli anzathu amene dandaulo lawo ndi lina: thupi likungokula, ndipo ngakhale ayamba kuthamanga m'mawa kapena kusewera mpira, sikelo sikutsika.

Kwa amene akumwa ma ARV, chifukwa chimodzi n'chodziwika. Kuyambira mu 2019, anthu ambiri kuno ku Malawi anayamba kulandira mankhwala a TLD, omwe muli dolutegravir. Ndi mankhwala amphamvu pochepetsa kachirombo m'magazi, koma ena amanenepa nawo, makamaka akazi. Kwa munthu amene anadwala, kubwerera kwa thupi ndi chinthu chokondweretsa. Vuto limabwera kunenepako kukapitirira, chifukwa kumaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Komabe tinene mosabisa: kusiya kapena kudumphitsa mankhwala pofuna kuchepetsa thupi ndi kusewera paulimbo. Kachirombo kamachulukananso ndipo kakhoza kusiya kumva mankhwala. Ngati thupi likutidetsa nkhawa, tikauze achipatala pa tsiku lotenga mankhwala.

Tsopano za njala. Izi zikukhudza tonse, kaya tili ndi kachirombo kaya tilibe. Thupi likagwira ntchito limafuna kubweza mphamvu zomwe lataya, choncho njala ya pambuyo pa masewera si chizindikiro cha umbombo. Pamene timagwera ndi panjira pochokera kubwalo. Apa pali chiwaya cha tchipisi, apo beseni la mandasi, ndipo mumtima timati, "Ndatuluka thukuta, ndidzipepese." Botolo la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi pafupifupi 8. Tikaonjezerapo mandasi awiri, tabweza mphamvu zonse zomwe tinataya pothamanga kwa mphindi 30, mwinanso kuposa apo. Chopweteka n'chakuti pakangotha ola limodzi njala ija yabweranso, chifukwa zakudya za shuga ndi ufa woyera sizikhalitsa m'mimba.

Ena amalakwitsa mwa njira ina. Amakana kudya m'mawa ndi masana, ati akuchepetsa thupi, koma madzulo amagwetsa mitanda inayi ya nsima osapuma.

Njala imeneyi tiziikonzekera tisanachoke pakhomo, popeza tikudziwa kuti ibwera. Tinyamule madzi ndipo tikamaliza masewera tiyambe tamwa, chifukwa nthawi zina chimene timayesa njala chimakhala ludzu. M'thumba mukhale nthochi, mbatata yophika, magwafa kapena mango ikakhala nyengo yake. Mtedza ndi wabwino ndipo umagwira m'mimba, koma uli ndi mafuta ambiri: wodzaza dzanja limodzi wakwana. Thobwa nalonso tisalinamizire kuti ndi lakumudzi, chifukwa shuga amene amathiramo ndi yemwe uja.

Pa nsima tisachite kuleka, tingochepetsako mtanda umodzi n'kuchulukitsa ndiwo. Bonongwe, nkhwani, chisoso ndi mpiru zimadzaza m'mimba popanda kunenepetsa. Nyemba, nandolo, usipa ndi mazira zimachedwa kugayika, motero timatenga nthawi tisanamvenso njala. Tizigonanso mokwanira, pakuti wochezera pa foni usiku wonse amadzuka akulakalaka zotsekemera.

Sikelo isatipusitse. M'masabata oyambirira minofu imasunga madzi ikamazolowera ntchito, ndipo kulemera kukhoza kukwera pang'ono. Kudziyeza kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo lamba kapena siketi zimanena zoona kuposa sikelo ya tsiku ndi tsiku. Amene akadali kukula, oyembekezera ndi oyamwitsa asachepetse chakudya popanda uphungu wa achipatala. Ndipo wina akamaonda asakufuna, akutsokomola komanso kutuluka thukuta usiku, asasangalale kuti masewera akugwira ntchito. Akayezetse chifuwa chachikulu cha TB.

Zochita sabata ino: aliyense alembe zonse zimene wadya kapena kumwa m'maola awiri atatha masewera, pamodzi ndi ndalama zimene wawononga. Tikakumananso tidzawerengere limodzi, popanda kusekana, ndipo tidzagwirizane amene azibweretsa madzi ndi zipatso kubwalo.