Khutuba ya Jumu'ah: Kodi nthano za agogo ndi bodza?

Tikumuyamika Allah, Mwini ulemerero, amene anatipatsa makutu ndi lilime. Mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake.

Abale ndi alongo mu Chisilamu, mayi wina wachikulire wa kuno ku Majaua watitumizira funso. Mdzukulu wawo, amene wangobwera kumene kuchokera ku maphunziro a Deen, wawaletsa kusimbira ana nthano madzulo, ati nthano ndi bodza ndipo bodza ndi haramu. Mayiwo aleka. Tsopano akufuna kudziwa ngati zaka zonsezi akhala akuchimwa.

Mnyamatayo tisamunyoze, pakuti mantha ake ali ndi pochokera. Mabuku a mbiri ya Mtumiki (S.A.W.) amatchula al-Nadr ibn al-Harith wa ku Makka, amene anaphunzira nkhani za mafumu a ku Persia, za Rustam ndi Isfandiyar. Mtumiki akamaliza kuwerengera anthu Qur'an, iye ankakhala pamalo pomwepo n'kuyamba kusimba nkhani zakezo kuti anthu aiwale zimene amva. Tchimo la al-Nadr linali m'cholinga chake, chopikisana ndi mawu a Allah. Agogo athuwa akupikisana ndi yani?

Qur'an yolemekezeka imaphunzitsa ndi mafanizo. Mu Surah Al-Ankabut, ayah 41, wodalira atetezi ena kusiya Allah akufanizidwa ndi kangaude ndi nyumba yake yosalimba. Mu Surah Al-Baqarah, ayah 261, chopereka cha pa njira ya Allah chikufanizidwa ndi njere imodzi yobala ngala 7, ngala iliyonse njere 100. Mlimi wa chimanga ndi nandolo safuna womasulira pamenepa. Ngakhale udzudzu, pa ayah 26 ya Surah yomweyo, sunachepe kuti n'kukhala fanizo.

Mafanizo a Allah ndi choonadi chokhachokha, pamene nthano ya Kalulu ndi yopeka; ziwirizi sitiziika pamkeka umodzi. Koma bodza ndi kunena chinthu pofuna kuti womvera akhulupirire chimene kulibe. Agogo akati "Padangokhala," ana n'kuvomera kuti "Tili tonse," onse agwirizana kale kuti chimene chikubwera ndi fanizo. Palibe amene wanamizidwa. Kumbukirani ya chilala ija: nyama zonse zinakumba chitsime, Kalulu anakana kugwira khasu, koma usiku ankabwera kudzapusitsa alonda n'kumwa madziwo, kufikira Kamba, amene onse ankamuyesa wopanda pake, anamugwira. Mwana womva zimenezi sapita kuchitsime kukafuna Kamba. Amazindikira munthu wothawa ntchito ya mudzi, ndipo ena mwa ife timazindikira tsiku limene ankaumba njerwa za mzikiti uno ife tili kumsika.

Asilamu akale nkhani zotere sanaziope. Cha m'ma 750, Ibn al-Muqaffa anamasulira m'Chiarabu buku la Kalila wa Dimna, momwe nkhandwe ziwiri, mkango ndi ng'ombe zimayankhula pofuna kulangiza olamulira. Ophunzira Chiarabu akuliwerengabe mpaka lero.

Zoyenera kusefa zilipo. Nthano ikamaphunzitsa kuti mvula imachokera kwa mizimu, kapena kuti nyanga ya sing'anga imateteza munthu, wosimba achotse mbali imeneyo, apo ayi awauze anawo momveka kuti wopereka ndi woteteza ndi Allah yekha. Zolaula nazonso zisiyidwe.

Choopsa chenicheni chili m'matumba mwathumu. Pa WhatsApp pakuyenda mauthenga a mawu osimba nkhani zokoma, zoliritsa, n'kumati anatero Mtumiki. Munthu wamva, walira, watumiza kwa anthu makumi awiri, osafunsa kuti zalembedwa m'buku liti. Hadith nazonso zinayenda pakamwa, koma iliyonse inkanyamula mndandanda wa amene anailandira, wakuti kuchokera kwa wakuti, mpaka kwa Swahaba. Imam al-Bukhari, amene anamwalira m'chaka cha 870, anayenda mayiko akufufuza anthu amenewa. Ndipo Mtumiki anachenjeza kuti womunamizira mwadala malo ake ndi ku Moto. Ngati mnyamata uja akufuna bodza loti alimbane nalo, ayambire pamenepa, ndipo ife timuthandiza.

Chosungidwa pamtima chimapita ndi mwini wake. Pambuyo pa nkhondo ya Yamama, pamene oloweza Qur'an ambiri anaphedwa, Umar anakakamiza Abu Bakr kuti Qur'an isonkhanitsidwe, ndipo ntchitoyo inapatsidwa kwa Zayd ibn Thabit. Qur'an Allah analonjeza kuisunga. Nthano zathu zilibe lonjezo lotere. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, ambiri mwa ife tinawoloka Ruo kuthawira ku Mulanje, ndipo akuluakulu amene tinawaika m'manda kumeneko anapita ndi nthano zawo za Chinyanja ndi Chilomwe. Zatsala n'zochepa.

Choncho kwa mayi athu aja tikuti: simunachimwe, yambiraninso, bola Swala ya Isha ikhale itapempheredwa. Aphunzitsi a madrasa tikukupemphani kuti mwana aliyense abwere ndi nthano imodzi yochokera kwa agogo ake, ilembedwe m'kope pamodzi ndi dzina la woisimba ndi mudzi wake. Makopewo tidzawasunga muno mumzikiti. Tiyeni tiimirire, tiwongole mizere.