Malangizo kwa Amisiri a Zitsulo ku Isipingo

Inu amisiri owotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo kuno ku Isipingo, mukudziŵa kuti mphepo ya kunyanja, yodzala mchere ndi chinyezi, imadyetsa chitsulo dzimbiri usana ndi usiku.

Amisiri akale, pofuna kuchinjiriza milatho ndi sitima zapamadzi, ankayamba kupaka penti wofiira wa mtovu wosakaniza ndi mafuta a linseed. Mtovu ukakumana ndi mafutawo umabala zinthu zonga sopo, ndipo chinyezi chikaloŵerera m'penti, zinthuzo zimasungunuka pang'onopang'ono n'kuthandiza chitsulo kuvala kachikopa kopyapyala koma kolimba, kotero kuti dzimbiri limasoŵa poyambira ngakhale pamene mmisiri sanapalepo bwino. Ndithu unali utoto wamphamvu.

Komatu chakomachakoma pusi anagwa chagada. Mtovu womwewo ukaloŵa m'thupi umawononga ubongo wa mwana, amene amakula wovutika kusukulu makolo osadziŵa chifukwa chake. Mwa ichi boma la South Africa, m'chaka cha 2009, linaika penti wa mtovu m'gulu la zinthu zoopsa.

Chomwecho, mukapatsidwa geti lakale kuti mulikonze, musapale penti wake ali wouma, musamuwotche ndi moto, pakuti ngati ali ndi mtovu, fumbi ndi utsi wake ndizo poizoni. Nyowetsani musanapale, valani chophimba mphuno, sambani musanadye, ndipo zovala zakuntchito musafike nazo kumene ana amaseŵera. Pogula penti woyambira, funsani wa zinc phosphate, chonde abale anga.