Mkango wa m'Bokosi la Agogo: Zimene Nyimbo za Doo-wop Zikutiphunzitsa

Mawu Oyamba

M'bokosi la malemu agogo anga aamuna kwathu ku Dedza muli mbale za galamafoni zimene anabwera nazo kuchokera ku Joni, kumene anapita kudzera ku Wenela. Galamafoniyo inafa kalekale, koma agogo aakazi amakumbukirabe mmene anthu ankasonkhanira pakhonde nthawi yachisanu kudzamvera. Nkhani ino ikuunika nyimbo za mtundu wa doo-wop, maka ubale wake ndi mayimbidwe a kuno kummwera kwa Africa.

Kodi Doo-wop Nchiyani?

Mayimbidwewa anakula pakati pa achinyamata achikuda a m'mizinda monga New York, Philadelphia ndi Chicago m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Mmodzi ankatsogolera, ena n'kumapolokozera, wina n'kumagunda besi ndi pakamwa. Gulu la The Platters linatchuka mu 1955 ndi nyimbo ya "Only You".

Kwa wophunzira chiyankhulo, chochititsa chidwi ndi dzina lenilenilo. Linachokera ku maphatikizo opanda tanthauzo amene opolokozera ankabwereza. Maphatikizowa tisawasokoneze ndi mvekero. Tikati "kuli zii" kapena "chafiira psuu", mvekero uli ndi tanthauzo. Koma maphatikizo a doo-wop amagwira ntchito ya ng'oma kapena gitala basi.

Ulendo wa "Mbube"

Mu 1939, Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo ya "Mbube" ku kampani ya Gallo ku Johannesburg. M'Chizulu, liwuli limatanthauza mkango. Mbaleyo itafika ku America, Pete Seeger sanamve bwino Chizulucho, choncho analemba zimene khutu lake linatola. Umu ndi mmene munabadwira "Wimoweh", imene anayimba ndi gulu la The Weavers. Mu 1961, gulu la doo-wop la The Tokens linayijambula ili ndi mawu a Chingerezi komanso mutu wakuti "The Lion Sleeps Tonight", ndipo inafika pa nambala 1 ku America.

Apa tikuona zinthu ziwiri. Choyamba, liwu limene linali ndi tanthauzo kwa eni ake linasanduka phokoso chabe m'kamwa mwa alendo. Chachiwiri, tanthauzo litatayika, dzina la mwini nalo linayiwalika. Linda anamwalira ali wosauka mu 1962. Nyimboyo inamvekanso mu kanema wa *The Lion King* mu 1994, koma ana ake anadikira mpaka 2006 kuti pakhale mgwirizano wowapatsa gawo la phindu.

Mawu Omaliza

Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Dedza. M'nyimbo za ngoma za Angoni a kwa Kachindamoto muli mawu achingoni amene achinyamata ambiri timangoyimba osadziwa tanthauzo lake. Kodi sitikuchita zomwe anachita Seeger, koma pa chuma chathu chomwe? Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limateteza umwini wa nyimbo, koma silingasunge tanthauzo la mawu. Imeneyo ndi ntchito yathu ophunzira: kukhala pansi ndi akuluakulu, kujambula, kulemba ndi kufunsa. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Agogo akadalipo, tiyeni tiwafunse lero.