Timasitima ta nthunzi totengera mainjini akalekale: mafunso ndi mayankho

Kodi timasitima timeneti tikusiyana pati ndi zidole za ana?

Kusiyana kwake ndi moto. Kasitima kotere kali ndi boyila yeniyeni, kawirikawiri ya kopa, yotenthetsedwa ndi malasha kapena gasi, ndipo nthunzi imakankha pisitoni mpaka magudumu kuzungulira. Ku Britain, kumene lusoli lidazika mizu, mpata wa pakati pa njanji umakhala mainchesi 3.5, 5 kapena 7.25, ndipo ka mainchesi 5 kamakoka woyendetsa ndi anthu angapo atakhala pa timabogi. Magazini ya Model Engineer, yomwe idayamba mu 1898, idafalitsa mapulani ambiri, kuphatikizapo a Lillian Lawrence, wodziwika ndi dzina loti LBSC.

Nanga ena opanga timasitimati amavutikiranji ndi mainjini achilendo amene adalephera?

Chifukwa pakati pa 1804 ndi 1829 maonekedwe a mutu wa sitima anali asanakhazikike, ndipo injini iliyonse inali yankho la munthu wina pa vuto limene panalibe wolidziwa bwino. Ya Richard Trevithick, yomwe mu 1804 idakoka matani 10 a chitsulo kuchokera ku Penydarren ku Wales, inali ndi silinda imodzi, magiya ndi chigudumu cholemera chapambali. John Blenkinsop ankaopa kuti gudumu losalala liziterereka pa njanji yosalala, choncho Salamanca, imene Matthew Murray adaipanga ku Leeds mu 1812, inkayenda ndi gudumu la mano lolumana ndi mano a pa njanji. William Brunton mu 1813 adafika popatsa injini yake miyendo iwiri yachitsulo yokankha pansi kumbuyo. Boyila yake idaphulika mu 1815 n'kupha anthu. Mainjini atatu onsewa kulibenso. Ndikuona kuti apa ndi pamene pali phindu lenileni la timasitimati: zojambula zimaonetsa mmene chinthu chidalili chili chiimire, pomwe maganizo a wochipanga amaoneka chikamayenda.

Kasitima kakuonetsa chiyani chimene chojambula sichingaonetse?

Tengani silinda imodzi ya Trevithick. Pisitoni ikaima kumapeto kwenikweni kwa ulendo wake, nthunzi imakankha molunjika ndipo gudumu silitembenuka, ngakhale moto ukolele bwanji. Woyendetsa kasitima kotengera injiniyi amakumana nalo vutoli ndi manja ake: amayenera kukankha chigudumu chija kuti kayambe, ndipo pomwepo amamvetsa kuti chigudumucho sichinali chokongoletsera. Akaona kotengera Salamanca, ka masilinda awiri amene safika kumapeto nthawi imodzi, kakunyamuka kokha, chifukwa chimene masilinda awiri adapambanira sichifunanso womufotokozera. Puffing Billy, ya William Hedley ku Wylam, yomwe ikusungidwa ku Science Museum ku London, lero siyenda. Koma kotengera iyo kakayaka, mipiringidzo ya pamwamba ikukwera ndi kutsika ngati minsi ya amayi osinja awiri, diso limawerenga lokha mfundo zonse zimene mphamvu imadutsamo isanafike ku magudumu, ndipo mfundo iliyonse imadyako mphamvuyo ndi kuperepeseka.

Koma kodi chinthu chaching'ono chotere sichinamiza?

Wofunsa funsoli ali ndi mfundo, ndipo siyofunika kuipeputsa. Chitsulo chimachepetsedwa, koma madzi, moto ndi mpweya sizichepetsedwa. Kasitima ka njanji ya mainchesi 7.25 kamakhala kochepa ka 8 pa muyezo uliwonse. Ndiye kuti mkati mwa boyila mwachepa ka 512, pomwe khungu lake lotaya kutentha lachepa ka 64 kokha. Boyila yaing'ono imazizira msanga. Kulemera nakonso kumatsika kwambiri, motero kasitima sikangatiuze chifukwa chimene injini ya Penydarren inkathyolera njanji, kapena kuchuluka kwa malasha amene inkadya. Opanga ambiri amasinthanso mkati mwa boyila kuti moto usazime, ndipo ndi bwino azinena poyera. Koma kayendedwe ka mikono, magiya ndi mavavu sikasintha ndi msinkhu, ndipo uchilendo wa mainjiniwa uli makamaka m'kayendedweko. Tisaiwalenso kuti akatswiri oyambawo adadzera njira yomweyi: William Murdoch adayendetsa kangolo kanthunzi ku Redruth cha m'ma 1784, ndipo Trevithick naye adayamba ndi timainjini tating'ono.

Bwanji osangotengera Rocket, imene idapambana?

Ambiri amaitengera, ndipo n'zomveka. Pa mpikisano wa ku Rainhill mu Okutobala 1829, Rocket ya George ndi Robert Stephenson idapambana chifukwa cha mapaipi 25 a kopa odutsitsa moto m'madzi, nthunzi yotulukira m'chumuni n'kukoka moto, ndi masilinda olumikizidwa mwachindunji ku magudumu. Koma ubwino wa njira zimenezi sudziwika Rocket ikakhala yokha. Umaonekera ikayenda pa njanji imodzi ndi Novelty, ya John Braithwaite ndi John Ericsson, yomwe inkakoleza moto ndi mvukuto, kapena Sans Pareil ya Timothy Hackworth, ya masilinda oimirira; zonse ziwirizi zidawonongeka mpikisanowo usanathe.