CHIKONDI CHA ANTHU OVULALA MUMTIMA

Patchuthi chathachi ndinayesa kulemba kankhani kachikondi kochitika kuno ku Mangochi m'masiku a ukapolo. Mtsikana womasulidwa m'goli akumana ndi mnyamata wopalasa bwato, ndipo pofika tsamba lachitatu ukwati wachitika, misozi yauma. Aphunzitsi athu a Chichewa atakawerenga anangondifunsa kuti, "Nanga mtsikanayu amayi ake anawaiwala liti?" Ndinasowa pogwira. Anzanga, ndikufuna ndikugawireni zimene funsoli landiphunzitsa.

Tiyambe ndi mbiri. Kumwera kwa nyanja yathuyi kunali njira ya malonda a minyanga ndi akapolo opita ku Kilwa ndi ku Quelimane, ndipo mafumu monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi analemera nawo. Abambo Oyera anafika kwa Mponda mu December 1889, koma anachoka mu 1891. M'chaka chomwecho Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo nkhondo zinapitirira mpaka mu 1895 pamene Jalasi anagonjetsedwa. Anthu ambiri anamasulidwa, koma ena kwawo kunali kutasanduka bwinja. Anakhazikika pafupi ndi malinga ndi mamishoni, nakwatirana, ana amasiye okhaokha. Wofuna kulemba za chikondi chawo akumbukire mfundo zitatu izi.

Choyamba, bala limatsalira ngakhale goli litachoka. Munthu amene anagulitsidwa, mwina ndi mbale wake yemwe, sangafulumire kukhulupirira mawu okoma. Tisadabwe akamadzidzimuka usiku kapena kukwiya popanda chifukwa chooneka.

Chachiwiri, wokondayo si sing'anga. M'kankhani kanga mnyamata anali wangwiro, ntchito yake kupulumutsa basi. Koma m'masiku amenewo ndani analibe chipsera? Onse awiri ndi odwala, ndipo amasinthana kudwazikana.

Chachitatu, kuchira kumafuna nthawi ndi choona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene mtsikana adzatchula dzina la mudzi wake, mwamuna namvetsera osamudula pakamwa, ndi lalikulu kuposa tsiku la nthungululu.

Zonsezi tikuzipeza m'Buku la Tobiti. Tobiasi anali mwana wa munthu wakhungu, wokhala m'dziko la eni ku Ninive. Sara wa ku Ekibatana anafedwa amuna asanu ndi awiri, aliyense pa usiku wa ukwati, mpaka anapempha Mulungu kuti afe. Awiriwa atakwatirana anayamba ndi pemphero. Komabe usiku womwewo Raguele, bambo wa Sara, anakumbiratu manda. Taonani mmene mantha amakanirira ngakhale chipulumutso chitalowa kale m'nyumba! Ndipo ife ana a kunyanja tisaiwale kuti mankhwala amene mngelo Rafaele anawalozera anachokera m'nsomba wamba ya mumtsinje wa Tigrisi. Mulungu amachiritsa kudzera m'zinthu za tsiku ndi tsiku.

Wina angafunse kuti, "Ife ofuna unsembe nkhani za chikondi zitithandiza chiyani?" Yankho nali. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inathamangitsira anthu oposa 1 miliyoni m'Malawi muno, ena mwa iwo m'boma lathu lino. Edzi inasiya akazi ndi ana amasiye ambirimbiri. Mulungu akalola, anthu osenza mabala otere adzabwera kwa ife kudzalembetsa ukwati. Tikadzawauza kuti "ingoiwalani zakale", tidzakhala tabwereza kulakwa kwa kankhani kanga, koma tsopano pa moyo wa anthu enieni.

Kankhani kaja ndayambanso kukalemba. Ndili patsamba lachisanu ndi chiwiri, ndipo mtsikana uja sananenebe dzina lake lenileni. Mnyamata akungomusiyira chambo pakhomo m'mawa uliwonse.