Kodi Katete ndi tauni kapena pongodutsa?

Funso: Ine ndimakhala ku Chipata. Katete ndimangoionera pazenera la basi popita ku Lusaka, pamene amayi ogulitsa nthochi ndi mtedza wowiritsa akuthamangira galimoto. Kodi malowa ali ndi mbiri yanji, ndipo kumakhala anthu angati?

Yankho: Abale anga, tsiku lina mudzatsikeko. Katete ili pamsewu wa Great East, makilomita opitirira 80 kuchokera ku Chipata, m'munsi mwa mapiri a Mphangwe. Pomwepo pamapatukira msewu wopita ku Chanida, chipata cholowera ku Mozambique, n'chifukwa chake malole olunjika ku Tete sasowa.

Chinakuza dzina la Katete ndi chipatala cha St Francis, chimene a mishoni a Anglican anatsegula mu 1948. Lero amachiyendetsa pamodzi ndi Akatolika, ndipo odwala amachokera kutali zedi.

Koma kwa Mchewa, Katete ndi Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi. Kumapeto kwa Ogasiti mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzagwada kumeneko pamwambo wa Kulamba, akumafotokoza za madera awo ndi kupereka mphatso, zilombo za gule wamkulu zikutimba fumbi m'bwalo. Masiku amenewo malo ogona ngovuta, musabwere osakonzekera.

Kalembera wa 2010 anapeza anthu oposa 240,000 m'boma lonse, ambiri alimi a chimanga, thonje ndi mtedza m'midzi. Chiwerengerocho samalani nacho: mu 2012 mbali ina inapita ku boma latsopano la Sinda.