Masamu a Partial Differential Equations: Mafunso ndi Mayankho

Kodi masamu amenewa amafotokoza chiyani?

Amafotokoza zinthu zimene zimasintha potengera malo ndi nthawi yomwe. Ikani nsonga ya ndodo yachitsulo pamoto. Kufupi ndi moto kwatentha kale pomwe kogwirira kudakali kozizira, koma pakapita mphindi zingapo nakonso simungagwire. Equation yolumikiza kusintha kwa mitundu iwiriyi ndiyo amaitcha partial differential equation, mwachidule PDE.

Zinthu ziwiri zikamasintha limodzi, amaziwerengera bwanji?

Amatenga chimodzichimodzi. Poyamba amayang'ana malo amodzi n'kuona liwiro limene kutentha kukukwerera. Kenako amaimika nthawi n'kuyerekeza malowo ndi oyandikana nawo. Pa ndodo ija amalemba kuti:

∂u/∂t = k ∂²u/∂x²

Apa u ndi kutentha, t ndi nthawi, x ndi malo pandodopo. Tanthauzo lake ndi lakuti malo akazizira kuposa avereji ya mbali zake ziwiri amayamba kutenthera, ndipo akatentha kuposa averejiyo amazizira. Nambala k imadalira mtundu wa chitsulo. Ya kopa ndi yaikulu kuposa ya chitsulo wamba.

Kodi equation yokhayo ndi yokwanira?

Ayi. Pafunikanso kudziwa mmene ndodoyo inalili poyamba ndi zimene zikuchitika kunsonga zake, kaya ili pamoto kapena m'madzi ozizira. Popanda zimenezi mayankho amachuluka osatha.

Anayambitsa ndani?

Mu 1747 Jean le Rond d'Alembert wa ku France analemba equation ya kunjenjemera kwa nsambo ya choimbira. Joseph Fourier anatulutsa buku lake la kayendedwe ka kutentha mu 1822. Equation ya kayendedwe ka madzi ndi mpweya imadziwika ndi mayina a Claude-Louis Navier ndi George Stokes.

Kodi PDE iliyonse imasoveka pamanja?

Zochepa chabe. Zambiri amazipatsa kompyuta, imene imagawa malo m'tizigawo ting'onoting'ono n'kumawerengera pang'onopang'ono. Umu ndi mmene amalosera zanyengo, ndipo anayesa koyamba pa kompyuta ya ENIAC ku United States mu 1950. Equation ya Navier ndi Stokes ndi yovuta kwambiri, moti mu 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute linalonjeza madola 1 miliyoni kwa amene adzatsimikizire ngati mayankho ake amakhala osalala nthawi zonse kapena penapake amasokonekera.

Wofuna kuphunzira ayambire pati?

Ayambe wadziwa bwino algebra ndi calculus, kenako ma equation a chinthu chosintha ndi nthawi yokha. Akatero ayese ya ndodo yachitsulo, chifukwa yankho lake angathe kuliyerekeza ndi zimene dzanja lake likumva.